Funsani Dokotala: nanga nthawi yosamala thupi tiipeze kuti?

Mafunso ambiri amene mwatumiza sabata ino akukamba nkhani imodzi, yakuti kuchipatala timakuuzani kuti muzichita mafizo, muzidya bwino, muzigona mokwanira, koma nthawi yake ndi ndalama zake palibe. Ndasankhapo asanu, mayina ndachotsa ngati mwa masiku onse.

Funso: Adokotala, ine ndi mayi wa zaka 46, ndimakhala ku Ndirande koma geni yanga ya kaunjika ndimachitira mu Limbe. Ndimadzuka 4 koloko kuphikira ana ndi kuchapa, kenako ulendo, pobwera imakhala 7 usiku ndiye ndiphikenso. Mwezi watha anandiyeza BP nkupeza 162/98, anandipatsa mapilitsi nkunena kuti ndizichita mafizo. Mafizo akewo ndichita nthawi yanji? Komanso mapilitsiwo amandikodzetsa kwambiri ndiye masiku ena sindimwa poti zimbudzi za mumsika nzolipira.

Yankho: Mayi, tiyambe ndi mapilitsiwo chifukwa mpamene pali vuto lalikulu kuposa mafizo. Simunalembe dzina lake koma mmene mwafotokozeramu ndikuganiza kuti ndi aja timati HCTZ, amene amatsitsa BP pochotsa mchere ndi madzi owonjezera m'thupi kudzera mumkodzo. Ndiye kukodzako ndi chizindikiro chakuti akugwira ntchito, ndipo kwa anthu ambiri kumachepa thupi likazolowera. Poti mumadzuka 4 koloko, muzimwa nthawi yomweyo musanakoleze mbaula, kuti mkodzo wina muthane nawo mukadali pakhomo ndipo pofika masana zikhale zitachepa. Zikakanikabe bwererani komwe anakupatsani mukanene ndendende zimene mwandilemberazi, musachite manyazi ndi nkhani ya chimbudziyo, alipo mankhwala ena ngati amlodipine amene sakodzetsa ndipo atha kukusinthirani. Chomwe ndikukana ndi chakuti lero mwamwa, mawa ayi, mkuja mwamwa chifukwa mutu wawawa. BP siimva choncho. Imatha kukhala yokwera zaka ndi zaka munthu osamva kupweteka paliponse, kwinaku ikuwononga mitsempha ya muubongo, mtima ndi impso, mpaka tsiku lina munthu wangogwa pabenchi pake mbali imodzi yafa. Kafukufuku wa STEPS amene anachitika kuno ku Malawi mu 2009 anapeza kuti munthu wamkulu mmodzi mwa atatu aliyense anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa nkomwe. Inu mwadziwa, ndiye muli ndi mwayi umene anzanu ambiri mumsikamo alibe.

Za mafizo musaganize za jimu kapena kuthamanga mumsewu mutavala tiraki suti. A WHO amati munthu wamkulu azigwiritsa ntchito thupi mwamphamvu pang'ono kwa mphindi zosachepera 150 pasabata, zomwe ndi mphindi 30 kwa masiku 5, ndipo sizikakamiza kuti zikhale nthawi imodzi, mutha kuziduladula. Kuchapa pamanja, kutunga madzi, kusenza belo, zonsezo zimawerengedwa, ndiye simukuyambira pa ziro. Chimene chikukusowani ndi chija chopangitsa mtima kugunda mofulumirako kwa kanthawi kotalikirapo, poti mukafika pabenchi mumakhala pansi mpaka madzulo. Mmawa muzitsika minibasi siteji imodzi musanafike, muyende chandawala mphindi 15, liwiro lakuti mutha kuyankhula koma kuimba nyimbo simungathe. Masana makasitomala akachepa musiyireni mnzanu wa benchi loyandikana, muzungulire msika mphindi 15 zina, mukabwera naye apite inu mumuonere katundu. Usiku sindikukuuzani kuti muziyenda, 7 koloko kwada ndipo muli ndi ndalama za tsiku lonse pachilundu.

Chinanso chimene sichifuna nthawi ina iliyonse ndi mchere. Tsiku lonse munthu asapitirire magalamu 5, yomwe ndi supuni yaing'ono ya tiyi imodzi, kuphatikiza umene uli kale mu buledi, mu tchipisi, mu nsomba zouma zothira mchere ndi mu timakyubu tokometsera ndiwo tija. Ambirife timathira mchere mumphika, nkuthiramo kyubu, kenako pamphasa pamakhalanso kambale ka mchere koti aliyense awonjezere. Yambani ndi kuchotsa kambaleko, ndipo mukathira kyubu mchere musathirenso. Masabata oyamba pakhomo adandaula kuti ndiwo sizikukoma, koma lilime limazolowera, tomato, anyezi, adyo ndi nsinjiro zimathandiza.

Koma mayi pali nkhani imene simunafunse ndipo ine ndiinena. Ngati mumagona cha m'ma 10 nkudzuka 4, ndi maola 6 okha, pomwe thupi la munthu wamkulu limafuna osachepera 7, ndipo kuchepa kwa tulo nako kumakweza BP. Kodi pakhomopo pali ndani? Mwana wa zaka 13 kapena 14, kaya ndi mtsikana kaya ndi mnyamata, atha kuphika nsima yamadzulo ndi kuchapa yunifomu yake. Bambo ngati alipo atha kutereka madzi ndi kuphika phala la ana mmawa, manja sathothoka. Nthawi imene mukuifunayo ili mu ntchito zimene mwasenza nokha pomwe pali anthu oti nkukulandirani. Akhazikeni pansi, muwaonetse kabuku ka kuchipatala pamene analemba 162/98, muwauze kuti mayi akadzagwa sitiroko geni idzaima ndipo fizi idzasowa.

Mukadzaona pakamwa papotoka, mkono kapena mwendo wafooka mwadzidzidzi, mawu akutuluka mosamveka, kapena chifuwa chikuthina, imeneyo ndi ya ku Queens nthawi yomweyo, osadikira kuti kuche.

Funso: Dokotala ndine bambo wa zaka 38, ndimagwira mu ofesi ku City Centre ku Lilongwe, tsiku lonse pa kompyuta. Mimba yakula, ndikakwera masitepe ndimapuma movutikira. Bambo anga ali ndi shuga. Jimu ndinalembetsa koma ndinangopita sabata ziwiri, ndikaweruka ndimakhala nditatopa komanso ndi yodula. Lanchi nthawi zambiri ndi tchipisi ndi nkhuku ndi kokakola. Nditani?

Yankho: Achimwene, tengani chingwe, muyeze kutalika kwanu kuchokera kuphazi mpaka kumutu, mudule, kenako muchipinde pakati. Chingwe chopindacho chiyenera kuzungulira mimba yanu cha pamchombo nsonga zake nkukumana. Ngati sizikukumana ndiye kuti mafuta a pamimba achuluka, ndipo mafuta amenewo ndi amene amayenda limodzi ndi shuga ndi BP, makamaka kwa inu amene bambo anu akudwala kale. Pa tepi ya telala, mwamuna asapitirire masentimita 94. Ndiye musanachite china chilichonse pitani mukayezetse shuga mmawa musanadye kanthu, ndi BP yomwe, mudziwe pomwe mwaima. Kupuma movutikirako ngati kukubwera ndi ululu pachifuwa kapena kutupa miyendo mukanenenso.

Jimu isiyeni ngati sikukuyanjani, palibe chimene mwalakwa. Anthu ambiri amasiya chifukwa anaika mafizo pa nthawi imene mphamvu zatha, 6 koloko madzulo mutalimbana ndi mzere wa magalimoto. Inu muli ndi ola la lanchi. Idyani mphindi 20, zotsalazo yendani, ku City Centre misewu yoyendamo ndi mithunzi ilipo. Mu ofesimo pakatha mphindi 30 kapena ola imirirani, fayilo kapereke nokha mmalo motuma mesenjala, foni muziyankha chiimire. Kawiri pasabata limbitsani minofu kunyumba, ma pushapu, kunyonyomala nkudzuka, mphindi 10 musanasambe, sizifuna chitsulo chilichonse.

Pa lanchiyo ndikuuzeni chinthu chimodzi choti muyambire mawa. Botolo la kokakola la 300ml lili ndi shuga pafupifupi masupuni 8 a tiyi. A WHO amati shuga wothira asapitirire masupuni 12 patsiku, ndipo bwino kwambiri ndi 6. Ndiye onkhetsani botololo ndi masupuni 3 a mu tiyi wa mmawa ndi ena 3 a tiyi wa 10 koloko, muona nokha. Sinthani botololo ndi madzi. Tchipisi zikhale za tsiku limodzi pasabata, masiku enawo nyamulani za kunyumba mu kontena kapena pitani kumene amaphika nsima ya mgaiwa, nyemba, nkhwani wotendera, chambo kapena usipa, mitanda iwiri osati inayi, ndipo masamba achuluke kuposa nsima. Kunyamula kontena ku ofesi si umphawi ayi. Za mowa ndi kanyenya wa pa wikendi simunatchule koma ngati zilipo dziwani kuti nazo zimapita pamimba pomwepo.

Funso: Ndili ku Joni, ndimagwira ya ulonda shifiti ya usiku 6 mpaka 6. Masana tulo sitibwera bwino poti timakhala anthu ambiri m'nyumba imodzi, ndimagona mwina maola 4. Usiku ndimamwa ma energy drink awiri kapena atatu kuti ndisagone. Masiku ano mtima umagunda kwambiri ndipo sindichedwa kupsa mtima.

Yankho: M'bale wanga, mwalowa mu chizungulire. Mumamwa zakumwazo chifukwa simunagone, ndipo simugona chifukwa mwamwa zakumwazo. Kafini, chinthu chochotsa tulo chimene chili mu zakumwazo, amatenga maola pafupifupi 5 kuti theka lake lokha lichoke m'thupi, ndiye chitini chimene mwamwa 3 koloko mbandakucha chimakhala chikugwirabe ntchito 8 koloko mmawa pamene mukufuna tulo. Kugunda kwa mtima ndi kupsa mtimako kutha kuchokera pamenepo. Musasiye kamodzinkamodzi mutu ungakuwaweni, tsitsani kufika pa chimodzi, ndipo chimenecho chikhale cha kumayambiriro kwa shifiti, ikakwana 12 usiku basi madzi okhaokha. Tulo tikakugwirani pa geti imirirani, zungulirani mpanda, sambani kumaso.

Mukaweruka musayambe zocheza kapena TikTok, idyani pang'ono nkugona nthawi yomweyo. Pawindo pachikani bulangete lakuda kuti muchipinda mude bii, kumaso mangani kansalu, m'makutu ikani timapulagi tija amagulitsa mu famase, foni ikhale pa sailenti ndipo akumudzi auzeni maola amene asamaimbe pokhapokha pagwa zovuta. Ngati maola 7 otsatizana sakutheka, gonani maola 5 mmawa ndi ena 2 madzulo musananyamuke. Anzanu a m'nyumbamo kambiranani nawo, nawonso ndi anthu ogwira ntchito amvetsa. Tsiku la ofu kayezetseni BP ku kiliniki, kapena ku ma famase ngati Clicks ndi Dis-Chem komwe amayeza pa mtengo wochepa. Mtima ukapitiriza kugunda modumphadumpha mutachepetsa zakumwazo, kapena mukamva chizungulire ngati mukomoka, pamenepo mpofunika dokotala akuoneni.

Funso: Adokotala ndine mphunzitsi wa ku pulayimale, zaka 41, ana anayi. Bambo a kunyumba ntchito inawathera chaka chatha, apongozi akudwala tikukhala nawo, ngongole za banki m'khonde ndi katapila zandizinga. Mutu umandiwawa tsiku lililonse, ndimamwa brufen mmawa ndi madzulo miyezi itatu tsopano. Usiku ndimangoganiza, chakudya sichikoma, ngakhale ku kwaya kumene ndinkakonda ndinasiya. Kuchipatala anandiyeza malungo katatu sanapeze. Anzanga akuti ndingolimbika kupemphera. Kodi ndikudwala chiyani?

Yankho: Mayi, kalata yanu ndaiwerenga mofatsa ndipo ndikukhulupirirani kuti mukudwaladi, olo malungo sanapezeke. Munthu akakhala masabata opitirira awiri ali wokhumudwa, tulo tosowa, chakudya chosakoma, zinthu zimene ankakonda osazifunanso, ife timaganizira matenda a maganizo aja timati dipuleshoni. Kwathu kuno ambiri safika kuchipatala nkunena kuti ndine wokhumudwa, amabwera ndi mutu, msana, mtima kuthamanga, thupi lonse kuphwanya, ndiye timangoyeza malungo nkuwapatsa panado nkubwerera, pomwe gwero lake lili mu katundu amene asenza. Si misala, si kuchepa kwa chikhulupiriro, si ulesi, ndipo amachizika.

Choyamba brufen uja. Kumwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi kutha kuyambitsa zilonda za m'mimba, kuwononga impso ndi kukweza BP. Komanso pali chinthu chimene ambiri sadziwa, chakuti mankhwala opha ululu ukamamwa masiku 15 kapena kuposa pamwezi, iwo omwewo amayamba kuyambitsa mutu, ndiye umawonjezera kumwa mutu nkumakulirakulira. Musiyeni, masiku oyamba mutu utha kuwawa kwambiri kenako umayamba kuchepa. Mukaona chimbudzi chakuda ngati phula kapena kusanza magazi thamangirani kuchipatala. Mukapita akakuyezeni BP, magazi ngati ndi okwanira, ndi maso omwe, poti ntchito yanu ndi yolemba ndi kuchonga makope.

Chachiwiri, pa chipatala cha boma lanu funsani namwino kapena kilinikala wa zamaganizo, ndipo mukafika yambani ndi tulo ndi maganizowo osati mutu wokha. Kuli St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, kuli Zomba Mental Hospital, ndipo kupita kumeneko sikutanthauza kuti akakugonekani, ambiri amangocheza ndi mlangizi nkubwerera kwawo tsiku lomwelo, ena amapatsidwa mankhwala kwa miyezi ingapo. Kuyankhula ndi munthu womvetsera ndi mankhwala ndithu. Ku Zimbabwe Dr Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, pomwe agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi panja pa kiliniki nkumamvetsera anthu, kuwathandiza kusanthula mavuto awo limodzi limodzi, ndipo kafukufuku anaonetsa kuti anthu amapezadi bwino. Nanunso tengani pepala, lembani mavutowo, ngongole payokha, apongozi pawokha, sankhani limodzi loti muyambe nalo. Katapila ndi amene amakula msanga ndiye mwina ayambe ndi ameneyo, ndipo bambo akhale nanu pamenepo, manambala onse awaone.

Mutu umodzi susenza denga. Apongoziwo ali ndi ana ena, azilamu anu abwere azisinthana nanu olo Loweruka ndi Lamlungu. Bambo poti ali pakhomo masana, kuwadyetsa mayi awo, kuwapatsa mankhwala ndi kuwaperekeza kuchipatala ikhale mbali yawo. Kupemphera pitirizani, ine sinditsutsana nako ngakhale pang'ono, koma kuyendere limodzi ndi chithandizo monga mmene mungachitire mwana atathyoka mkono. Ndipo ku kwaya bwererani, olo mtima usakufuna, pitani tsiku limodzi pasabata mukangokhala kumbuyo. Mu matenda amenewa chilakolako chimabwera munthu atayamba kale kuchita chinthucho, mukadikira kuti mtima ufune mudikira nthawi yaitali. Maola awiri amenewo ndi anu, musawapepesere kwa wina aliyense.

Ngati maganizo ofuna kudzipha kapena akuti bola kungofa anakufikiranipo, uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe ndipo mupite kuchipatala limodzi, musakhale nokha ndi maganizo amenewo. Tsiku limene mupite, poti mwapempha kale chilolezo kwa ahedi, funsaninso za kuyezetsa khansa ya khomo la chiberekero, kuyeza kwa VIA, kumene amapaka viniga pa khomolo nkuyang'ana ndi maso, kumatenga mphindi zochepa ndipo pa zaka 41 muli mu msinkhu woyenera. Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene khansa imeneyi imapha amayi ambiri, pomwe zizindikiro zake zoyamba zikapezeka zisanasanduke khansa zimathetsedwa mosavuta.

Funso: Pa Facebook ndi pa WhatsApp akugulitsa tiyi wotsuka m'thupi ndi makapisozi akuti amachotsa poizoni, kuchepetsa mimba komanso kuchiza shuga ndi BP. Poti nthawi ya mafizo ndilibe, ndingagule amenewa?

Yankho: Ayi, musagule. Ntchito yochotsa zoipa m'thupi ndi ya chiwindi ndi impso, ndipo zikakhala zabwinobwino sizifuna tiyi wozithandiza. Matiyi ambiri oterewa amangotsegula m'mimba kapena kukodzetsa, sikelo imatsika chifukwa madzi atha m'thupi, mafuta ali pomwepo, ukasiya kulemera kumabwerera. Choopsa nchakuti simudziwa chimene aikamo, ndipo zina zimapweteka chiwindi ndi impso zomwezo. Chimene chimandiwawa kwambiri ndi anthu amene amasiya mankhwala a BP, a shuga, ngakhale ma ARV chifukwa wogulitsa wawauza kuti kapisozi wake amachiziratu, nkudzabwera kuchipatala zinthu zitafika poipa. Shuga ndi BP timaziwongolera, ndipo amene akukulonjezani kuti zitheratu ndi botolo limodzi akufuna ndalama zanu.

Ndalama imeneyo pitani nayo kumsika. A zaumoyo kuno amatiphunzitsa magulu 6 a zakudya, zokhutitsa, za nyemba, za nyama, masamba, zipatso ndi za mafuta, ndipo masamba ndi zipatso pamodzi zizikwana magalamu 400 patsiku. Bonongwe, chisoso, kholowa, chigwada, mpiru, nandolo, khobwe, mazira, bonya, papaya, magwafa, nthochi, mango ndi masuku pa nyengo yake, zonsezi zili pafupi ndipo zina zimamera zokha kuseri kwa nyumba. Masambawo musamaphike mpaka kusanduka akuda, ndipo soda muchepetse chifukwa amapha mavitamini ena. Ngati mukumwa kale mankhwala a kuchipatala ndipo pali chazitsamba chimene mwagula kale, tengani paketi yake mukaonetse adokotala kapena a ku famase musanayambe kumwa.